Madzulo olemekeza Ralph Kirkpatrick: pomwe tafika

17 Febuluwale

Tsiku lakhazikika: 10 Juni, tsiku limene Ralph Kirkpatrick anabadwa mu 1911 ku Leominster, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Madzulo a tsikulo ophunzira piyano a m'kagulu kathu adzaimba masonata (nyimbo zazifupi za chida cha makiyi) a Domenico Scarlatti, ndipo aliyense wobwera adzapatsidwa kabuku kofotokoza ntchito ya Kirkpatrick. Kabukuko kali m'manja mwanga. Za oimba ndi zimene adzaimbe akuyendetsa ndi amayi amene amaphunzitsa piyano.

Amene anagwirapo buku la nyimbo za Scarlatti anaona chilembo K chikutsogolera nambala: K. 9, K. 141, K. 380. Titafunsa ophunzira kuti K ameneyu ndani, mnyamata wina anayankha molimba mtima kuti ndi Köchel, uja anasanja nyimbo za Mozart. Sitinamuseke, popeza osindikiza ena amalemba Kk. pothawa chisokonezo chomwechi. Koma K ameneyu ndi Kirkpatrick, amene anasanja masonatawa n'kuwapatsa manambala, ndipo pa ana onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo dzina la Kirkpatrick, chonsecho nambala zake amazitchula sabata ndi sabata.

Munthuyu anali woimba harpsichord (chida chakale cha makiyi chofanana ndi piyano) wa m'makonsati. Atamaliza ku yunivesite ya Harvard mu 1931 anapita ku France kukaphunzira kwa Nadia Boulanger ndi Wanda Landowska, anakafikanso kwa Arnold Dolmetsch ku Haslemere ku England, ndipo kuyambira 1940 mpaka 1976 anaphunzitsa ku yunivesite ya Yale. Buku lake lonena za Scarlatti linatuluka mu 1953 ku Princeton University Press, atalivutikira zaka zoposa khumi. Chimene ndikufuna kabuku kathu kaonetse n'chakuti zambiri zimene anaona m'nyimbozi anaziona chifukwa ankaziimba ndi zala zake.

2 Malichi

Ndamaliza masamba ofotokoza kumene nyimbozi zinachokera. Anandisautsa powafupikitsa.

Scarlatti anabadwira ku Naples pa 26 Okutobala 1685, chaka chimodzi ndi Bach ndi Handel. Bambo ake, Alessandro, anali katswiri wopeka maopera. Domenico anagwira ntchito ku Rome mpaka kukhala mkulu wa nyimbo wa Cappella Giulia, kwaya ya tchalitchi cha Petulo Woyera, kenako mu 1719 anapita ku Lisbon kwa mfumu João V. Kumeneko anamupatsa mwana wamkazi wa mfumu, Maria Bárbara, kuti azimuphunzitsa. Mwanayu atakwatiwa mu 1729 ndi Fernando, amene anadzakhala mfumu ya Spain, mphunzitsi ananyamuka naye: poyamba ku Seville, kuyambira 1733 ku Madrid, komwe Scarlatti anamwalirira pa 23 Julayi 1757.

Chovuta n'chakuti palibe sonata ndi imodzi yomwe yolembedwa ndi dzanja la Scarlatti imene inapezeka. Amene iye mwini anapereka kuti asindikizidwe ndi 30 aja otchedwa Essercizi per gravicembalo, omwe anatulukira ku London cha mu 1738. Enawo tili nawo chifukwa cha alembi okopera. Ku Biblioteca Marciana ku Venice kuli mabuku 15 olembedwa pamanja, okutidwa ndi chikopa chofiira, okhala ndi zizindikiro za ufumu wa Spain ndi wa Portugal pachikuto; muli masonata 496. Ku Parma kuli enanso 15, muli 463. Mfumukazi Maria Bárbara pomwalira mu 1758 inasiyira nyimbo zake Farinelli, woimba wotchuka wa kunyumba yachifumuko, ndipo iye anasamukira ku Bologna. Umu ndi mmene nyimbo zopekedwa ku Spain zinakapezekera ku Italy. Za zaka za ku Lisbon zolembedwa zatsala zochepa, chifukwa chivomezi cha mu 1755 chinagumula ndi kutentha mzindawo.

Pa mabuku a ku Venice panalembedwa zaka. Limodzi ndi la 1742, lina la 1749, ndipo 13 otsalawo ndi a pakati pa 1752 ndi 1757. Nambala za K zimayenda m'njira yomweyi. K. 1 mpaka K. 30 ndi Essercizi, kenako za m'mabuku oyambirira, kenako mabuku 13 aja motsatana, ndipo 12 omaliza, K. 544 mpaka K. 555, ndi amene ku Venice kulibe koma ali m'buku lomaliza la ku Parma. Ndajambula zimenezi ngati mzere umodzi wautali pa masamba awiri apakati pa kabukuko. Ndikuganiza kuti munthu akaona mzerewo amva msanga kuposa ndime zitatu zimene ndinayamba kulemba.

9 Malichi

Holo tapeza. Piyano ya mmenemo ndi yoimirira, ndipo makiyi awiri akumunsi amachedwa kudzuka. Wotchuna adzabwera mu Meyi. Mtengo wosindikiza kabuku ka masamba 24 tafunsa malo awiri.

23 Malichi

Lero ndinakhala nawo pa phunziro, ndipo ndatolapo zolowa m'kabuku.

Ophunzira ambiri amabwera ndi mapepala a Alessandro Longo, chifukwa ndi amene amapezeka ulele pa intaneti. Longo, mphunzitsi wa piyano ku Naples, anasindikiza masonata 545 ku kampani ya Ricordi kuyambira mu 1906. Ulemu wake tisamulande: iye asanatero, woimba piyano wamba analibe kopeza nyimbo zonsezi. Koma anachita zimene anthu a nthawi yake ankachita. Anawonjezera zizindikiro za pofuula ndi ponong'ona zimene mwini nyimbo sanalembe, anasalaza malo amene anawaona ngati olakwika, ndipo anasanja masonatawo m'timagulu take, mosalabadira mmene analili m'mabuku akale.

Kirkpatrick atakhala pansi ndi mabuku a ku Venice ndi Parma anaona kuti masonata ochuluka analembedwa awiriawiri, m'kiyi imodzi (kiyi pano ndi noti imene nyimbo imakhazikikapo), ina yodekha ina yothamanga, kapena zonse zothamanga koma mayendedwe osiyana. Kusanja kwa Longo kunalekanitsa mapasa amenewa, wina kumudzi kuno wina kutsidya. Chitsanzo chili m'pologalamu yathu: K. 208 ndi K. 209, zonse mu A major, kwa Longo ndi L. 238 ndi L. 428.

Mtsikana amene adzaimbe ziwirizi wakhala akuimba K. 208 yokha kuyambira chaka chatha. Ndi nyimbo yoyenda pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere limangoponda mofanana, noti ndi noti, pamene lamanja limachedwera dala, kulowa pakati pa mapondedwewo ngati woimba wosafuna kuthamangitsidwa. Iye ankaimaliza, n'kuchotsa manja, n'kudikira. Amayi anamuuza kuti, “Mwanawe, usachotse manja. Puma kamodzi kokha, lowa inayo.” Analowa K. 209, ya mapondedwe atatuatatu othamanga, yovinitsa, ndipo nkhope yake inasintha asanafike pamzere wachiwiri. Pomaliza anati, “Amayi, ndiye kuti yoyamba ija simathera pamene paja.” Mawu amenewa ndawapempha kuti ndiwaike m'kabuku, popanda dzina lake.

Tagwirizana kuti aliyense woimba pa 10 Juni asiye mapepala a Longo. Tili ndi mabuku awiri a Sixty Sonatas amene Kirkpatrick anasindikiza ku Schirmer mu 1953, komanso ena mwa mabuku 11 a Kenneth Gilbert amene anatuluka ku Heugel ku Paris. Ana ena adandaula kuti masamba atsopanowa ndi “opanda kanthu”, sakuwauza poti afuule. Amayi anangoti, “Makutu muli nawo.”

6 Epulo

Gawo la moyo wa Scarlatti ku Spain latha.

Munthu wokhala zaka pafupifupi 30 kunyumba yachifumu ungayembekeze kuti anasiya makalata mulu. Ayi ndithu. Kalata yodziwika ya dzanja lake ndi ya mu 1752, yopita kwa Duke wa ku Huéscar. Manda ake anasowa pamodzi ndi nyumba ya amonke ya San Norberto imene anaikidwamo. Kirkpatrick anayenera kumanga mbiri ndi zidutswa: mabuku a ukwati ndi ubatizo, wilo, ndi zolemba za anthu ena amene ankakhala kunyumba yachifumuyo.

Nkhani imene ana aikonda ndi ya telefoni. Ali ku Madrid kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Kirkpatrick anatsegula buku la manambala a telefoni n'kupeza dzina lakuti Scarlatti. Anaimba. Anali adzukulu a mbumba yomweyo, ndipo anali akusungabe mapepala a banja. Ndaiika pachiyambi pa gawoli chifukwa imaonetsa khalidwe la munthuyo: sanakhutire ndi zimene ena analemba, anapita komweko. Anayenderanso Aranjuez, La Granja ndi Escorial, malo amene banja lachifumu linkasamukirako malinga ndi nyengo ya chaka, ndipo anatchera khutu ku magitala ndi magule a ku Spain.

Nkhani ya mpikisano wa Scarlatti ndi Handel kwa Kadinala Ottoboni ku Rome ndaichotsa. Ndi yokoma, koma malo achepa, ndipo sikhudza Kirkpatrick kwenikweni.

20 Epulo

Msonkhano wa lero unatenga nthawi, ndipo nkhani yake ndiilemba mwatsatanetsatane chifukwa ndi imene yapatsa kabukuka maonekedwe ake.

Ndinabweretsa masamba awiri onena za zimene akatswiri a pambuyo pake anatsutsa. Abambo amene amatisungira thumba, omwe ndi aakulu pa tonsefe, anawerenga mwakachetechete n'kuika pansi. Anati, “Achimwene, taitana anthu kudzalemekeza munthu. Kodi pa chikumbutso amawerenga zolakwa za malemu?” Ena awiri anagwedeza mitu kuvomereza.

Zimene zili pa masambawo ndi izi. Kirkpatrick anatenga zaka zolembedwa pa mabuku aja ngati zaka zimene nyimbozo zinapekedwa, kapena pafupi pamenepo. Potero anafika pa mfundo yakuti masonata ambiri Scarlatti anawapeka atakalamba, ali ndi zaka za m'ma 60 kupita ku 70, m'zaka zochepa zomaliza za moyo wake. Ndi chithunzi chogwira mtima. Koma chaka chimene mlembi anakopera nyimbo si chaka chimene inabadwa. N'kutheka kuti alembiwo ankasonkhanitsa zimene zinaunjikana kwa zaka zambiri. Giorgio Pestelli mu 1967 anasanjanso masonatawo poyang'ana kapekedwe kake, n'kutulutsa nambala zake za P. Joel Sheveloff, m'kafukufuku wake wa ku yunivesite ya Brandeis wa mu 1970 ndi zimene analemba pambuyo pake, anakayikira zambiri: ndondomeko ya zaka, komanso ngati kuika awiriawiri kuja kunali kufuna kwa Scarlatti nthawi zonse kapena nthawi zina kwa osonkhanitsa, poti pali masonata amene ku Venice ali ndi mnzake wina, ku Parma wina. W. Dean Sutcliffe m'buku lake la mu 2003 anabwereranso pa mafunso omwewa. Ngakhale nambala ya 555 si khoma, popeza masonata ena onenedwa kuti ndi a Scarlatti akhala akupezeka m'malaibulale a ku Spain ndi Portugal.

Ndinayankha kuti, “Bambo, ndamva, ndipo mwambo umenewo sindikuupeputsa. Koma taonani chimene mwini wakeyo anachita.” Mu 1972 Kirkpatrick anatulutsa ku New York mabuku 18 a zithunzi za masamba akalewo, kuti amene alibe ndalama yopitira ku Italy athe kuona yekha zimene alembi analemba. Munthu wofuna kuti mawu ake akhale omaliza sachita zotero. Anapereka yekha zida zomuyesera. Ndipo onse omutsutsawa, akafuna kutchula sonata imene akukangana nayo, amatchula nambala ya K. Ine ndikuona kuti tikabisa mkanganowu tidzamuchepetsa: adzaoneka ngati munthu amene anangowerenga nyimbo n'kuzipatsa manambala, pamene iye ndiye anautsa mafunso amene anthu akulimbana nawo mpaka lero.

Amayi anawonjezera mfundo imene ine sindinaiganize. Anati ana awa ena adzapita patsogolo ndi maphunziro a nyimbo, ndipo akadzamva kwina kuti ndondomeko ya K ili ndi mafunso, adzati tinawanamiza. Abambo aja anakhala chete pang'ono, kenako anati masambawo akhale, koma asakhale omaliza m'kabuku, ndipo mawu akuti “analakwitsa” achoke pamene nkhaniyo sinagamulidwe. Apa anena zoona. Palibe amene watsimikiza kuti Kirkpatrick anaphonya pa zonse. Chimene chaoneka n'chakuti umboni ndi wochepa kuposa mmene iye anaukhulupirira. Ndalembanso ndimezo motero.

K. 208 ndi K. 209 tidzaziimbabe pamodzi. Kaya anaziphatikiza ndi Scarlatti kaya mlembi, m'mabuku akale zili moyandikana, ndipo khutu likuvomereza.

4 Meyi

Wotchuna wabwera, makiyi aja akudzuka. Wati adzabwerenso kutatsala tsiku limodzi.

Mnyamata woimba K. 380 ankasochera m'gawo lachiwiri nthawi iliyonse akaimba pamtima. Amayi anamuthandiza ndi nzeru ya Kirkpatrick yomwe. Pafupifupi sonata iliyonse ya Scarlatti ili ndi magawo awiri, lililonse lobwerezedwa. Loyamba limachoka pa kiyi ya kwawo kupita pa ina, lachiwiri limayendayenda n'kubwerera. Kirkpatrick anaona kuti m'gawo lililonse muli malo amene iye anawatcha crux: kuyambira pamenepo, zimene zinamveka kumapeto kwa gawo loyamba zimabweranso m'gawo lachiwiri, koma tsopano pa kiyi ya kwawo. Mu K. 380 ndi kanyimbo kaja kolira ngati malipenga, koyamba kali pa B, kachiwiri pa E. Amayi anatenga pensulo, anaika kamtanda pamalo awiriwo, n'kumuuza kuti aimbe kuchokera pa kamtanda koyamba, kenako kuchokera pa kachiwiri. Anaona yekha kuti ndi njira imodzi, zala zangosuntha malo. Chimene ayenera kuloweza mwapadera ndi kachigawo kochepa ka pakati. Zoterezi amazitulukira ndi munthu amene anaimapo pamaso pa anthu n'kuopa kuiwala.

11 Meyi

K. 175, ya mu A minor, yabweretsa madandaulo kunyumba kwa woimba wake. Makolo akuti mwana akumenya makiyi olakwika. Sakulakwitsa. Scarlatti analemba manotsi ogundana dala, dzanja limodzi kugwira mulu wa makiyi oyandikana, ndipo Kirkpatrick anafotokoza kuti kumeneko ndi kulira kwa gitala wa ku Spain akamakwapulidwa zingwe zonse pamodzi. M'malo otere ndi mmene Longo ankachotsamo manotsi ena kuti pamveke bwino. Pa piyano mulu umenewu umalemera kuposa pa harpsichord, choncho amayi amuuza mwanayo kuti asaponde pedulo ndipo adule msanga. Ndalemba kandime kochenjeza omvera, kuti asadzaganize ngati makolo aja.

K. 141 taichotsa. Noti imodzi yobwerezedwa mothamanga chonchija piyano yoimirira siikwanitsa, kiyi isanadzuke chala chafika kale. Amene akufuna kuimva akaonere katswiri wa piyano Martha Argerich.

18 Meyi

Funso la chida labweranso. Wina anati tibwereke kiyibodi yamagetsi yokhala ndi liwu la harpsichord, poti Kirkpatrick anali wa harpsichord. Tayesa, ndipo takana. Pa harpsichord yeniyeni chingwe chimakodoledwa ndi kachidutswa ka nthenga, ndipo chala chimamva kukana kwake chisanalire. Woimba amapanga mawu ake ndi nthawi, kuchedwetsa apa, kudula apo. Kiyibodi ija imatulutsa liwu lokha, m'zala mulibe kanthu.

Komanso piyano si mlendo kwa Scarlatti. Pa mndandanda wa katundu wa mfumukazi Maria Bárbara, umene Kirkpatrick anauika kumapeto kwa buku lake, pali zoimbira za makiyi 12. Zisanu mwa izo zinali mapiyano opangidwa ku Florence, ngakhale awiri anawasandutsa maharpsichord. Kirkpatrick anawerenga mndandandawu n'kutsamira ku harpsichord. Ena pambuyo pake anauwerenga n'kunena kuti piyano inali ndi gawo lalikulu kuposa pamenepo. Ife tidzaimba pa piyano popanda manyazi, koma pakati pa pologalamu tidzamvetsera chojambulidwa cha Kirkpatrick mwini akuimba pa harpsichord, kuti anthu amve liwu limene iye ankalimva polemba.

Ndawonjezera ndime ya zaka zake zomaliza. Maso anamuvuta mpaka anasiya kuona cha mu 1976, koma anabwereranso kukaimba pamaso pa anthu. Anamwalira pa 13 Epulo 1984 ku Guilford, Connecticut. Chaka chomwecho Scott Ross anayamba kujambula masonata onse 555 pa harpsichord ku France, n'kumaliza mu 1985. Anadzaza ma CD 34, ndipo anasanjidwa motsata nambala za K. Ndatchulanso mwachidule kuti Scarlatti sanali ntchito yake yokha: anasindikiza Goldberg Variations ya Bach mu 1938, ndipo mu 1961 ndiye anaimba harpsichord pamene Double Concerto ya Elliott Carter inkaimbidwa koyamba, Charles Rosen ali pa piyano.

25 Meyi

Ndondomeko ya zoimba yatsekedwa. Tidzayamba ndi K. 1 ndi K. 9 za mu Essercizi, kenako K. 87, K. 175, chojambulidwa chija, K. 208 ndi K. 209 mosadukiza, K. 380, ndipo amayi adzatsekera okha ndi K. 555. Zikubwera motsata nambala, kuti omvera ayende ulendo umene Kirkpatrick anaujambula, atawerenga kale kuti ulendowo ena amaukayikira. Zonse pamodzi ndi mawu oyamba zikudutsa pang'ono ola limodzi.

Kabuku kafika masamba 26, ndipo wosindikiza akuti masamba ayenera kugawika ndi 4. Kuchotsa awiri kapena kuwonjezera awiri. Abambo a thumba akuti tichotse. Ine ndapempha kuti tiwonjezere tebulo losonyeza nambala za L ndi za K moyandikana pa masonata amene ana amaimba kawirikawiri, chifukwa mapepala a Longo sadzatha m'zikwama zawo, ndipo mwana wogwira L. 23 ayenera kudziwa kuti ndi K. 380, wa L. 413 kuti ndi K. 9, wa L. 33 kuti ndi K. 87. Avomera, bola chikuto chikhale chosapaka mitundu.

Chatsala: amayi awerenge kabuku konse Lachitatu, makamaka tebulolo nambala ndi nambala; woimba K. 175 ayese m'holo momwemo, poti mumamveka mawu obwerera; ndipo tipeze sipika yabwino ya chojambulidwa. Mapepala adzapita kwa wosindikiza Lachisanu m'mawa.